Lole ya pa Tebulo

Lolemba, 2 Juni

Lero miyezi inayi chiwadulireni mwendo amuna anga. Wakumanzere, m'munsi mwa bondo. Matenda a shuga. Anamwino akuti chilonda chauma bwino. Chilondacho inde.

Ndanyamuka 5 koloko m'mawa, ali chigonere, nkhope kukhoma. Ndabwera 4 koloko, ali pampando, nkhope kukhoma lomwelo. Tiyi wa m'fulasiki osamukhudza. Ndikawafunsa kanthu, "Eya," kapena "Zisiye." Basi.

Munthu amene ankati akabwera ku ulendo amalongolola mpaka ine kugona nkhani ili pakati. Zaka 27 akuyendetsa lole. Mumsewu muno aliyense amawatcha Adalaiva, ngakhale ine. Tsopano ana akadutsa n'kukuwa "Adalaiva!" iwo amakoka katani.

Sopo 1,200. Minibasi 1,600 kupita ndi kubwera.

Lachitatu, 4 Juni

Kuntchito, nthawi ya nkhomaliro. Ndalowa mu ofesi ya a Waya kukatenga zinyalala. A Waya ndi okonza makompyuta a kampani yonse, dzina lawo lenileni palibe amalitchula. Ndamva injini ikulira. Pagalasi la kompyuta yawo msewu, ngati wakhala m'kati mwa lole: chiwongolero, magalasi a m'mbali, mvula ikugwa. Ndaima ndi bini m'manja mpaka andiona.

"Mayi, musakandinenere kwa abwana, ndikukatula katundu."

Akuti ndi gemu. Mulibe kuwomberana, mulibe ndewu. Kunyamula katundu, kuyenda, kukatula. Ndafunsa ngati wa mwendo umodzi angayendetse. Akuti ndi zala zokha.

Zaka 11 ndikupukuta fumbi pa makompyuta. Sindinayatsepo ndi imodzi yomwe.

Lachinayi, 5 Juni

Ndalama zomwe kampani ya malole inawapatsa powasiyitsa ntchito zatsala 410,000. Ndinkasungira mwendo wochita kupanga. Kuchipatala anati 1,900,000. Pa malipiro anga okolopa, ndikasunga 20,000 mwezi uliwonse, ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndi miyezi itatu. Munthu sangayang'ane khoma zaka zonsezo.

Ndawauza a Waya zonse. Asiya kuseka. Akuti gemu imeneyi sifuna chilombo cha kompyuta, yapakatikati ikwana, yomangamanga kale. Zofunsa zitatu. RAM, yomwe imathandiza kompyuta kugwira ntchito mwachangu, ikhale 16. Chosungira zinthu chikhale SSD, chinacho n'chochedwa. Ndiponso mukhale khadi ya zithunzi, ngakhale yaing'ono, apo ayi lole izidzayenda modukizadukiza. Ndabwereza mpaka ndaloweza ngati vesi.

Ndafunsa za laputopu. "Laputopu mumalipirira kuyenda nayo. Nanga bambo akupita nayo kuti?" Atatero anayang'ana pansi n'kupepesa. Palibe cholakwa. N'zoona.

Adalaiva sindinawauze.

Loweruka, 7 Juni

Masitolo atatu. Mapazi akuwawa.

Yoyamba: bokosi la galasi m'mbali, m'kati magetsi osinthasintha mitundu ngati m'bala. 620,000. Wogulitsa wovala tayi. "Mwanayo ali ndi zaka zingati, amayi?" Ndati 58. Waseka, kenako waona kuti ine sindikuseka. Wandionetsanso chiwongolero chapulasitiki chokhala ndi zopondera zitatu. "Ichi ndiye bambo azimva kukoma, mapazi onse pa ntchito." Ndathokoza n'kutuluka.

Yachiwiri, pamwamba pa sitolo ya nsapato: makompyuta otsika m'maofesi, ataunjika ngati njerwa. 230,000. RAM 8, khadi mulibe. Mwini wake akuti gemu iliyonse imayenda. Ndati ayatse ndione. Akuti chingwe wabwereka mnzake.

Yachitatu, kuseri kwa depoti: kasitolo kopapatiza, mayi wonenepa ali ndi sikuludalaivala m'tsitsi. Bokosi lakuda, lopanda chokongola, pakona lokandika. RAM 16, SSD, khadi yaing'ono ilimo. Watsegula m'mbali n'kundiloza chimodzichimodzi, ngakhale ine ndimangoona mawaya. Wayatsa ndisanapemphe. 345,000, galanti miyezi itatu. Ndikafuna kubweza pasanathe sabata alandira, koma adula 30,000.

Ndinasangalala, ndimati chenji chitsala chambiri. Kenako ndafunsa kuti galasi lake ndi liti.

"Mayi anga, mtengowo ndi wa bokosi lokha."

Manyazi. Ine zaka zonsezi ndinkati kompyuta ndi galasi lija, lomwe ndimalipukuta mosamala ndi kansalu kofewa. Bokosi la pansi pa tebulo ndimaligunda ndi mopu tsiku lililonse. Sikirini yogwirapo kale ntchito, 55,000. Zonse pamodzi 400,000.

Sindinagule. Ndabwera ndi ndalama zanga m'chikwama, nditachikumbatira njira yonse.

Lamulungu, 8 Juni

Kunabwera alamu, ang'ono awo a Adalaiva. Ndinalakwa kuwafunsa nzeru. Tinali pakhonde, iwo mawu mokweza monga mwa masiku onse.

"Mlamu, achimwene akufunika mwendo ndi mapemphero, osati zidole. Mwayamba kuwayesa mwana?"

Windo linali lotsegula. Adalaiva amva zonse. Alamu atapita ndinalowa, ndimati mwina andikalipira. Bola akanandikalipira. Anangopempha kuti ndiwasunthire ndodo zawo pafupi.

Alamu miyezi inayi yonseyi abwera katatu. Nthochi ulendo umodzi.

Mwina akunena zoona. Sindikudziwa.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndagula.

Mayi uja watsitsa bokosi kufika 335,000 nditamuuza za mwendo. Sindinafune kunena, zinangotuluka. Kiyibodi ndi mausi wawonjezera ulere. Sikirini 55,000. Takisi 6,000, chifukwa m'minibasi akanaikhalira. Gemu 9,000, a Waya agula pa intaneti ine n'kuwabwezera. Pa 410,000 patsala 5,000.

Lisiti ndaika m'Baibulo. Tsiku lomaliza kubweza: Lachiwiri, 17.

Makatoni ali pansi pa tebulo. Adalaiva awayang'ana kamodzi. Osafunsa.



Lachitatu, 11 Juni

A Waya anabwera ataweruka. Anavula nsapato pakhomo ngakhale ndinawaletsa. Alumikiza zonse patebulo lodyera, pafupi ndi soketi, chifukwa chingwe n'chachifupi. Ndiye kuti tizidyera pamiyendo.

Anayesetsa. "Bwana Dalaiva, ine ndimangogunda mitengo, ndiphunzitseni kubwerera m'mbuyo ndi ngolo." Adalaiva: "Zikomo, achimwene." Maso kukhoma.

Koma injini italira anatembenuka. Ndinaona. Khosi lokha, pang'ono, kenako n'kubwerera.

A Waya andionetsa batani loyatsira, lozimitsira, ndi lina loimitsira gemu munthu akafuna kupuma. Tiyi anakana, akuti kwada.

Lachinayi, 12 Juni

Sindikufuna kulemba koma ndilembe.

Nditaweruka ndinayatsa ndekha, koyamba m'moyo. Ndinayesa kuyendetsa dala moipa, lole n'kukwera pa kapinga. Kachitatu Adalaiva anati, "Ukuiwononga. Suntha." Ndinawakokera mpando.

Mabatani anawagwira msanga. Anatulutsa lole pageti bwinobwino, n'kuyatsa indiketa, n'kulowa mumsewu. Mbali yathu, imene akhala akuyenda zaka 27. Koma m'gemumo magalimoto amayenda mbali inayo. A Waya sananene, ine sindinadziwe. Basi yoyera inatulukira kutsogolo. Phokoso la kugundanako ngati zenizeni.

Anayambiranso. Anayenda pang'ono mbali yoyenera, koma pokhota manja anawabwezera kwawo. Galimoto yaing'ono, yofiira.

Pansi pa bulangeti ndinaona kachidutswa ka mwendo kaja kakukankha, kakufuna kilatchi.

"Zaka 27 sindinagundepo ngakhale mbuzi. Wandigulira ngozi." Ndiye mawu ambiri amene ayankhula mwezi uno. Kenako: "Chotsa."

Sanadye.

Lolemba, 16 Juni

Masiku anayi. Kompyuta ndaifunditsa nsalu ya patebulo. Tikudya titaipatsa msana.

Zaipa kuposa kale. Kale ankakhala pampando, tsopano pabedi. Loweruka sanasambe. Ndinawauza kuti vuto si iwo, ndi dziko la m'gemumo. Anatseka maso.

A Waya akufunsa tsiku lililonse pakhonde la ofesi, "Bwana afika kuti?" Ndimangoti ali m'njira. Lero ndawauza zoona. Akuti pepani, iwo galimoto yeniyeni sanayendetsepo, za mbali ya msewu sanaziganizire n'komwe.

Ndibweza mawa. 335,000 kuchotsa 30,000, 305,000. Sikirini sabweza. Gemu sabweza. Takisi inanso 6,000. Ndataya 106,000 pogula kuwawa kwa mtima wa munthu wodwala kale. Alamu akamva.

Ndapempha kuweruka 1 koloko. Makatoni ndapukuta.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndafika 2 koloko ndi wa takisi, ndamuuza adikire panja. Ndili pakhomo ndamva injini.

Ali patebulo. Ndodo imodzi ili pansi pakati pa chipinda, mpando wina wagwa, chigongono chawo chasupuka. Ndiye kuti anagwa popita. Anadzuka bwanji okha, sindikudziwa, sananene. Nsalu ija aipinda bwinobwino n'kuiika pambali.

M'mphepete mwa sikirini amata kachidutswa ka pulasitala wa pachilonda, mbali imene akuyenera kuyenda. Pokhota paliponse amayamba ayang'ana kapulasitalako. Liwiro 40. Pagalasi la m'mbali mzere wa magalimoto kumbuyo kwawo, wautali ngati wa pamaliro.

Sananditembenukire. Ndinaima ndi katoni m'manja. Wa takisi analiza hutala kawiri.

Ndinatuluka n'kumupatsa 2,000 ya kumuvutitsa. Anang'ung'udza. Patsala 3,000 mpaka pa 28, tsiku la malipiro.

Lachisanu, 20 Juni

Akusamba. Dzulo anameta ndevu. Amadzuka ine ndisananyamuke, kufunsa ngati magetsi alipo. Mayunitsi akutha msanga, ndabwereka 4,000 kwa mnzanga wokolopa naye.

Akuyankhula, koma ndi magalimoto. "Pita iwe, ukuthamangira chiyani?" "Taonani uyu, laisensi anagula pamsika." Lachitatu anaseka, okha. Ndinali kukhitchini, ndinasiya mpeni n'kumvetsera. Ine akandiyankha ndi mwachidule, maso pamsewu. Ndikafika sadziwa kuti ndafika.

Ndimafuna abwerere. Abwereradi, mmene analili: munthu wa paulendo. Ndinaiwala kuti zaka 27 zija ine ndinkakhala ndekha.

Lero ndaphika msanga, mankhwala a shuga safuna m'mimba mopanda kanthu. Ndawapititsira mbale.

"Dikira kaye, mayi. Pano m'pokhota, sindingaime. Ndipeze malo abwino."

Ndati pali batani loimitsira, a Waya anationetsa. Akuti akulidziwa. Lole siima pakati pa msewu.

Ndakhala pabedi, mbale ziwiri ndavundikira. Ndikulemba izi podikira. Chakudya chazizira. Ndafunsanso.

Akuti kwatsala makilomita 80.