Denga lanu alijambula kuchokera kumwamba

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Malawiko. Kuno ku Chiuta ndilipo, koma mwendo uja ukuvutabe.

Lachiwiri kunabwera anthu a boma ndi zithunzi za mudzi wathu, zojambulidwa kuchokera kumwamba ndi satelite. Akuwerenga madenga kuti akumbe mjigo kumene kuli mabanja ambiri. Mmodzi analoza denga loyandikana ndi langa, nandifunsa, "Bambo, muno mumakhala ndani?"

Ndi nyumba yanu ija, imene ndimafolera ndekha chaka ndi chaka kuyambira pamene ndinabwerera kuchokera ku Malawiko, nkhondo ya kuno itatha. Ndinayankha kuti, "Achimwene anga, angochokapo pang'ono." Iye analemba.

Chonde bwerani mvula isanayambe, musandisandutse wabodza pamaso pa boma. Udzu ndamweta kale, koma padenga sindingathenso kukwera.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Saidi