Bulogu ya Tiyamike

Lachinayi, mwezi wa Juni. Lero kwazizira, koma ine mtima ukungowira.

Tiyamike, mnzanga wa kusekondale, watsegula bulogu, tsamba lake lolembapo nkhani pa intaneti. Walemba za mipopi youma ya kuno ku Nsungwi, ndipo anthu mpaka a ku Joni akumuyamikira. Ine zaka zitatu ndikutumiza nkhani kunyuzipepala, mkonzi ali zii.

Masana ndinakumana naye pasiteji. "Iwenso tsegula yako, sipafunika wina wokupatsa chilolezo," anatero. Ndinamuyankha kuti zolemba zopanda mkonzi ndi masanje chabe.

Koma ndinalowa m'kafe ya intaneti kukasaka zolakwa zake. Ndinawerenga katatu, osapeza ngakhale chimodzi. Chondiwawa n'chakuti pamipopi yomweyo tinaima limodzi, zidebe m'manja. Iye anaona nkhani, ine ndinangoona mzere.