Kapitawo Wasowa, Abambo Ali M'chipatala

Lolemba, 9 Juni

Kapitawo wasowa. Galu wa abambo akunyumba. Mbale yake ili pomwepo, nyerere zokhazokha. Ndayang'ana kuseri kwa bafa, pansi pa benchi lopalirapo matabwa, m'ngalande. Zii.

Abambo ali m'chipatala sabata yachiwiri, mwendo m'chikhakha, chigwereni padenga la eni ake. Atuluka Loweruka. Ndikapita kukawaona safunsa za ine, safunsa za ana. "Kapitawo akudya?" Lero ndati akudya. Mulungu andikhululukire, mwina akudyadi kwinakwake.

Dzinali anam'patsa okha, poti ntchito yake ndi kuyang'ana ena akugwira ntchito. Galu wonyansa ngati ameneyu sindinamuonepo. Koma mtima wa abambo uli pa iye. Adokotala ati magazi awo amathamanga, asamve zodzidzimutsa. Ndiye ine ndikhale wamasiye chifukwa cha galu?

Lachiwiri, 10 Juni

Tulo ayi. Ndaganiza za galimoto, poizoni, akuba. Koma wakuba wake ndani, wakhungu?

Ndapita ku saluni kwa Wailesi. Timam'tchula choncho chifukwa ukamuuza nkhani m'mawa, masana yawoloka msewu. Wati alemba pa gulu la pafoni la anthu a mumsewu mwathu. Chithunzi ndilibe. Chilipo chimodzi mufoni ya abambo, foniyo ili nawo pabedi.

Tsoka lake, pampando panali Mayi a Geti Lofiira, akuumitsa tsitsi. Agalu awo amasamba sopo wonunkhira, m'galimoto amakhala kutsogolo. Wailesi atafunsa maonekedwe a galu, pakamwa panga panayankhula pokha. Wamkulu, wonenepa, wofiirira, ubweya wosalala, makutu ali chilili. Mayi aja anagwedeza mutu mwaulemu, ngati ndine mnzawo. Ndinamva kukoma mpaka pakhomo panga.

Kenako ndinazindikira kuti msewu wonse ukafunafuna galu wolakwika.

Lachitatu, 11 Juni

Anthu a mumsewu muno ndi abwino mtima. Vuto lake ndi lomwelo.

M'mawa wa butchala, ndi galu pachingwe. Wamkulu, wofiirira. Ndati si ameneyu. Wam'siyabe. "Muyang'anitsitseni mayi, nkhawa imatseka maso." Masana wa njinga yamoto wabweretsa wina, atam'manga pamsana ngati khanda. Madzulo abusa, nawonso ndi wawo. Agwira galu wolakwika pamutu, n'kuthokoza kumwamba kuti chotayika chapezeka. Ndayankha ameni. Ndikanatani?

Makina osokera ali duu. Diresi la ukwati la mwana wa eni ake sindinalikhudze, ndipo ndalama yake ndinadya kale. Alendo anga a miyendo inayi amaliza ndiwo za mawa.

Kuchipatala ndati Kapitawo wanenepa. Abambo andiyang'ana nthawi yaitali. "Wanenepa? Ameneuja?" Ndathamangira kukatsuka kapu yoyera kale.

Lachisanu, 13 Juni

Dzulo sindinalembe.

Galu anabwera ndi wa butchala uja anali wa Mayi a Geti Lofiira. Anam'peza atamangidwa ku mwendo wa makina anga, akutafuna zigamba. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Sindinadziwe kuti mumasonkhanitsa."

Ndinapita ku saluni mutu utatentha. Munali modzaza. Ndinanena zonse ndili chiimire. Khutu limodzi lodulidwa. Pamsana chipsera ngati munthu anaiwalapo simbi. Mwendo wam'mbuyo amachita kukoka. Dzino limodzi limakhala panja ngakhale atseke pakamwa. Fungo la chiguduli chonyowa. Ndiye galu wathu ameneyo, ofuna kuseka aseke.

Palibe anaseka. Anangoyang'anana. Wailesi anazimitsa choumitsira tsitsi. "Aa, mukananena kale, asisi. Ameneyo ndi Kasitomala." Ndinafunsa kasitomala wa ndani. Wailesi, munthu woti sasowa mawu, anayamba kufunafuna chipeso chimene chinali m'manja mwake.

Tinanyamuka. Ine, Wailesi, wa butchala, wa njinga, azimayi awiri tsitsi lolukidwa mbali imodzi. Njira palibe anafunsa. Molunjika kubala la kuseri kwa malo omwetsera mafuta galimoto.

Anali pamenepo. Pansi pa mpando wa pakona, mutu pamiyendo, dzino panja. Mwini bala ati, "Ali pano chiyambire Lamlungu. Mpandowo salola munthu kukhalapo, amadziwa kuti ndi wa a Dikoni."

A Dikoni. Amuna anga. Amene anaimirira pamaso pa mpingo wonse kunena kuti botolo analisiya. Amene masana alionse amati akukafunsa mtengo wa matabwa. Ndinkadabwa kuti matabwa ake ndi otani osintha mtengo tsiku lililonse.

Msewu wonse unkadziwa. Aliyense maso padenga. Mwini bala anabweretsera wa butchala botolo asanaitanitse, wa butchalayo n'kumati mwina alakwitsa tebulo.

Ndinagwada kuti ndim'koke galuyo. Anandinyambita pachibwano. Nthiti zonse poyera, ati ankakana ngakhale mafupa a nkhuku. Ndinalira pomwepo, mubala, nditakumbatira chinthu chonunkha. Sindidziwa ndinkalirira chiyani. Wa njinga anatinyamula tonse awiri ulere.

Loweruka, 14 Juni

Abambo atuluka. Kapitawo anangotsala pang'ono kuwagwetsa ndi ndodo zawo zomwe. Munthu wamkulu misozi mbwembwembwe, akupsompsona khutu lodulidwa lija. Ine anandipatsa chikwama cha zovala zakuda.

"Mwati wanenepa?" Ndati ndi maso anu, mankhwala achuluka.

Aneba abwera kudzawaona, mmodzimmodzi. Nkhope zonse zowongoka ngati za pamaliro. Wailesi wakhala pakhonde milomo atailuma, thukuta kamukamu. Ndikudziwa kuti zikumupweteka kuposa mwendo wa abambo. Ndam'patsa tiyi wa shuga wambiri.

Wa njinga wabweza galu wake kumene anam'tola. Wa abusa palibe akum'funa, ndipo abusa ati zimene anapempherera sangazibweze. Abambo ndawauza kuti ndi mlendo.

Za bala sindinanene. Adokotala anati zodzidzimutsa ayi. Sanati mpaka liti. Ndikafunsa.

Lamlungu, 15 Juni

Kutchalitchi sitinapite. Ndasoka diresi lija tsiku lonse, Mulungu aona yekha kuti Loweruka latha bwanji.

Dzuwa litapendeka Kapitawo wadzuka, wadzinyanyamula, wakaima pageti. Ayang'ane abambo, ayang'ane msewu. Abambo ali pampando, mwendo pa ndowa. Ndangotembenuka kuti nditole ulusi, wapanikiza mutu pansi pa geti, wapita.

Mtima wanga phaa. Ndaimirira, sizasi pansi, ndayamba kale kuona magalimoto. Abambo osatekeseka n'komwe, maso ali pa nyuzipepala. "Khalani pansi, mayi. Abwera akatseka."

Ndafunsa kuti akatseka ndani.

Nyuzipepala yakwera pang'onopang'ono mpaka yaphimba nkhope. Papita nthawi tsopano, tsamba silinatembenuzidwe. Ndodo zawo ndaziika kuchipinda, pamwamba pa kabati. Ndakoka mpando wanga pafupi. Magazi awo athamange pang'ono, ndawerenga kale mapiritsi awo a magazi, alipo okwanira.