Mizere Iwiri Pamwamba pa Khutu

9 Sepitembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ndipo msana uja wasiya kukuvutani ponyamula ana a eni ake. Kuno tadzuka. Mlamu wanu bondo likumupwetekabe, ana akupita kusukulu, ndipo jekete munatumiza lija wamkuluyu sakulivula ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Mudabwa kulandira kalata chonsecho tinalankhula pafoni Lamlungu lomweli. Vuto ndi loti pafoni mukangofunsa kuti mwana wanga ali bwanji, pakamwa panga pamathamangira kunena kuti ali bwino ndisanaganize n'komwe. Cholembera sichithamanga choncho.

Mwana wanu sali bwino, achemwali. Sakudwala ayi, ndipo sanamangidwe. Analowa m'gulu la anyamata amene kuno timawatcha a Mizere, poti aliyense amametetsa mizere iwiri pamwamba pa khutu lamanzere. Ndi iwo amatsomphola mafoni pasiteji ya basi, ndi iwo amathyola mashopu a anthu amene akana kuwagwadira. Mtsogoleri wawo ndi Dzino, mnyamata wa dzino limodzi lachitsulo, waulemu moti inu mutamuona mukhoza kumupatsa mpando. Amene amawameta mizere imeneyi ndine mlongo wanu. Amati dzanja langa silinjenjemera. N'chifukwa chake shopu yanga sinathyoledwepo, pamene kwa atelala oyandikana nane anaba makina osokera mpaka chitseko chomwe. Ine ndinkangoti tsitsi ndi tsitsi, wometa safunsa mutu kuti ukukagona kuti.

Musaganize kuti mwanayu ndi woipa. Atalephera mayeso aja anayenda kufunafuna ntchito mpaka nsapato zinaseka. Kumalo omanga nyumba ankati abwere ndi munthu womudziwa, kusitolo ankati akufuna wozolowera kale ntchito, ngati kuti munthu amabadwa atazolowera. Kunyumba kwathu mukukudziwa kuchepa kwake. Amagona pabalaza, ndipo matiresi amayenera kuwapinda ana asanadzuke. Mlamu wanu si munthu wankhanza, koma akatopa amawerenga mbale mokweza. Choncho mwanayu ankaswera kushopu kwanga, kusesa tsitsi, kuchapa matawulo. Kangapo konse anandipempha kuti, "Amalume, ndiphunzitseni kugwira makina." Ine ndinkati mawa, poopa kuti angandiwonongere mutu wa kasitomala.

Tsiku lina anamulanda foni munamutumizira ija. Tinapita kupolisi, anatiuza kuti tizidikira. Madzulo ake Dzino anabwera kudzametetsa, n'kumupeza mwanayu atakhala pakona maso ali gwa. Anamufunsa chimene chachitika. Ndisanamalize n'komwe kumeta, mnyamata wake analowa ndi foni ija, n'kupepesa. Kenako Dzino anamufunsa kuti, "Wadya, mng'ono wanga?" Achemwali, funso limenelo ine ndinali ndisanamufunse tsiku lonse, ngakhale ndinali naye kuyambira m'mawa.

Kuchokera pamenepo mwanayu anayamba kuswera kuseri kwa malo otsukira magalimoto kumene a Mizere amakhala. Kumeneko anamupatsa nsapato zatsopano, anamupatsa dzina, akalankhula ankamumvetsera. Mvula isanathe anakhala pampando wanga, Dzino ali pabenchi akumwetulira, n'kuloza pamwamba pa khutu. Ndinamumeta. Ndinadziuza kuti ndi unyamata chabe, tsitsi limamera. Ndinadziuzanso kuti bola tsopano palibe amene angamulande kanthu m'njira. Inu ndinakuuzani kuti wapeza ganyu yotsuka magalimoto.

Koma chimene chandigwiritsa cholembera ndi cha sabata yathayi. Mnzake wina wa m'gululo, mwana wa mayi wogulitsa makala, anabayidwa ndi anyamata a gulu lina, ndipo mpaka pano ali m'chipatala sakulankhula. Mwana wanu anali pomwepo. Anabwera kunyumba malaya ali magazi, anawachapa yekha, chakudya osachikhudza. Mawa lake masana, shopu itadzaza anthu, analowa n'kukhala pampando osadikira mzere. Anadzifunda yekha nsalu pakhosi. Tinayang'anizana m'galasi.

"Amalume, ndimeteni mpala," anatero. "Zonse zichoke."

Muyenera kudziwa kuti Dzino ali ndi lamulo limene wometa aliyense kuno amalidziwa: amene adzafute mizere pamutu pa mnyamata wake, shopu yake idzasanduka phulusa. Ndipo tsiku limenelo anyamata ake awiri anali pabenchi kudikira kuti ndiwawongolere yawo. Onse anasiya kuyang'ana mafoni.

Makina anali m'manja mwanga. Ndinaganiza za ana anga atatu, za bondo la mlamu wanu, za chitseko cha atelala. Kenako ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Makinawa atentha, iwe. Ubwere mawa."

Sanandikakamize. Anandiyang'ana m'galasi muja kanthawi, anavula nsalu, anaipinda bwinobwino monga ndinamuphunzitsira, n'kuiika pampando. Mmodzi wa anyamata aja anaimirira n'kukhala pomwepo akuseka. Ndinayatsa makina omwe aja, achemwali, ndipo analira bwinobwino. Mwana wanu anali akadali pakhomo. Anawamva.

Mlamu wanu, pofuna kunditonthoza, akuti ngati anafunadi kuchoka bwenzi atagula lezala n'kudzimeta yekha kubafa. N'zoona, lezala amagulitsa pagolosale iliyonse. Koma mwanayu sankasowa lezala. Anasankha masana, anthu ali thithithi, chifukwa ankafuna kuti a Mizere aone kuti ali ndi munthu wamkulu kumbuyo kwake. Bambo ake anamuthawa ali wakhanda, inu muli kutali chifukwa cha iye yemweyo, amene anatsala ndine. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma wangawu unalewa, nkhonya n'kugwera mwana. Ndili ndi manyazi moti kuyambira tsiku limenelo ndikameta ndimayang'ana mutu wa kasitomala basi, galasi ndimalipewa.

Sakugonanso kwathu. Dzulo anadutsa pakhomo pa shopu ali ndi anzake. Mizere amuwongolera kwina, sindikudziwa kuti ndani, koma ndi munthu wosadziwa ntchito: yapotoka, ndipo amucheka khungu. Ndinatuluka chipeso chili m'manja, n'kumuitana. Anaima, anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira aliyense wa mumsewu muno, n'kunena mwaulemu kuti, "Mwaswera bwanji, ometa?" Kenako anapitirira.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, muimbireni foni. Yanga sakuyankha, koma yanu sangaikane. Musamukalipire, woyenera kukalipiridwa ndine, ndipo ndikudikira. Mungomuuza kuti malume ako akuti makina azizira. Amva. Chachiwiri, funsani abwana anu ngati kumeneko kungapezeke kantchito kalikonse, kaya kothirira maluwa kaya konyamula katundu, chifukwa ndikangomumeta sangagonenso m'dera lino, mwina ngakhale ifeyo.

Galasi lalikulu ndalichotsa kale kushopu, lili pansi pa bedi pamodzi ndi makina anga ena ometera ndi mpando wa ana. Ngati n'kutentha atenthe matabwa. Makasitomala ndawauza kuti ndikufuna kupenta. Mlamu wanu wakhala tsiku lathunthu osandilankhula, koma m'mawa uno ndinamupeza akulongedza mabuku a ana m'katoni osauzidwa. Mwana wanu akabwera ndimumeta, kaya Dzino ali pabenchi kaya ali pakhomo. Chimene sindikudziwa n'choti abweranso kapena ayi. Mwana amapempha chinthu chotero kamodzi.

Mlamu wanu akupereka moni, akuti musaiwale mankhwala opaka aja ngati alipo woti atenge. Ana onse akuti moni kwa azakhali awo, wamng'onoyu wachoka mano awiri akutsogolo ndipo akufuna mudziwe. Atelala akuti mukadzabwera diresi lanu adzakusokerani pamakina obwereka. Pamalo ano m'pamene ndinkayenera kulemba kuti mwana wanu akukupatsani moni. Nthawi zonse ndakhala ndikumuperekera ine. Lero sindimuperekera, mukaumve nokha kwa iye.

Mundikhululukire ngati mungathe. Ngati simungathe, muimbireni basi.

Ine mlongo wanu,
amene mwana wanu akumutcha ometa.