Mandimu a pulasitiki ku Porto Limone

Lolemba, 10 Juni 2024

Chiko, mwana wanga wamkazi, wabwera kuchokera kuntchito atanyamula maluwa. Maluwa! Si tsiku langa lobadwa, palibe wamwalira. Mwana amene ndimachita kumukumbutsa katatu kuti andigulire mafuta opaka pabondo, lero akuti, "Amayi, Lachisanu tikupita kokayenda, mukapumuleko." Ndikapumule ndatopa ndi chiyani? Ndimangokhala m'mwamba muno mu Scarborough, ku Canada kuno, kuonera mabasi pawindo.

Akuti malowo ndi Porto Limone, kamudzi ka m'mbali mwa nyanja kamene anakamanga motengera ku Italy. Wandionetsa pafoni. Tinyumba tachikasu, tofiira, tabuluu, tosanjikizana paphiri. N'kokongola, sindikana. Koma nkhuku ikayamba kuthiridwa chimanga chambiri ndiye kuti Khirisimasi yayandikira.

Chigwereni m'bafa muja mu Febuluwale, mwanayu amandiyang'ana ngati kapu yong'aluka.

Lachitatu, 12 Juni

Foni ikalira akumathawira pakhonde n'kutseka chitseko. Kale ankayankhira pompano, chakudya chili m'kamwa.

Lachinayi, 13 Juni

Ndamva ndekha, ndi makutu angawa. Chitseko cha pakhonde sichinatsekeke bwino. "Ground floor, no stairs. She'll love it." Chipinda chapansi, chopanda masitepe. Kenako kuseka kwa pansipansi, "No, don't tell her yet." Asandiuze kaye. Ndani ameneyo woti asandiuze?

Ndamufonera Beatrice wa kutchalitchi. Sanachedwe n'komwe: "Anzanga, mwaiwala za Mayi Bertha?" Ndingaiwale bwanji? Ana awo anawauza kuti tiyeni tikaone mathithi ku Niagara. Pobwerera anawatsitsa pa nyumba yosungirako nkhalamba ku North York, ati mukaone chabe. Tinakawazonda pa Isitala. Tinawapeza pawindo atavala jekete, akufunsa aliyense wodutsa ngati galimoto yabwera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Madzulo Chiko akuti ndisaiwale khadi la kuchipatala ndi mapilitsi. Ndati ati? Akuti onse. Onse, ulendo wa masiku awiri?

Sindinamufunse. Ndikamufunsa anama, ndipo bodza la mwana wanga ndi limene sindingalipirire. Ndinabwera naye kuno ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, bambo ake anatisiya asanamalize n'komwe pulayimale. Ndamulera ndekha m'chisanu cha dziko lino. Mtima ukundiwawa, ndisabise.

Lachisanu, 14 Juni

Tafika masana. Galimoto salola kulowa nayo m'kati, mumaisiya kunja kwa geti n'kuyenda wapansi. Ndaona. Kuti wothawa asathawe msanga.

Tinjira ting'onoting'ono tamiyala, maluwa pawindo lililonse, zovala zitayanikidwa pachingwe kuchoka nyumba iyi kufika iyo. Pakati pali bwalo ndi kasupe wochita kumanga, mwana wamwala akutsanula madzi mumtsuko. Kumunsi timaboti topaka utoto. Alendo ali balalabalala ndi mafoni m'mwamba, ayisikilimu akuchucha m'manja. Chiko akuti, "Amayi, ngati Italy yeniyeni, eti?" Ndati sindinafikeko, sindingachitire umboni.

Koma pamabenchi ndinayang'anitsitsa. Nkhalamba zokhazokha. Ndodo, zipewa, mmodzi pa njinga ya olumala.

Tisanafike n'komwe pamalo ogona, kwatulukira mnyamata wamtali, tsitsi lakuda lopotana, mano onse pamtunda. Chiko akuti, "Uyu ndi Tony, amadziwa malo ano." Ndisanatambasule dzanja, mnyamata wandigwira mapewa, mpwa tsaya ili, mpwa tsaya linalo. Mayo! Akuti ndi mmene Ataliyana amapatsirana moni. Ndangoti chabwino mwana wanga, poti wamisala umamulonjera mwa misala yake.

Kenako wayang'ana mwendo wanga n'kufunsa kuti bondo likupeza bwanji. Wadziwa bwanji za bondo langa? Ndafunsa ntchito yake. Akuti amawongola mafupa ndi mitsempha ya anthu ovulala, makamaka achikulire. Basi. Nkhani yatha. Ameneyu ndiye wotiyeza tisanalembedwe.

Chipinda atipatsa chapansi. Chopanda masitepe.

Sutikesi sinditsegula, ndangotulutsa msuwachi. Chiko ali m'bafa ndatenga makiyi a galimoto m'chikwama chake. Ali m'kamisolo muno, akundibaya. Andibaye.

Loweruka, 15 Juni

Zovala zili pachingwe zija n'zomwe zija za dzulo. Malaya oyera omwe aja, siketi yofiira yomwe ija. Usiku kunagwa kamvula, palibe anaanula. Nyumba yanji imene mayi ake amasiya zovala panja mvula ikugwa? Ndafunsa mtsikana wosesa, akuti n'zokongoletsera, kuti anthu azijambula.

Ndiye ndapita pa mitengo ya mandimu ili m'miphika ikuluikulu pabwalo paja. Ndatsina limodzi ndi chikhadabo. Pulasitiki! Analimangirira ndi kawaya. Mudzi wonse ndi nyambo. Ndamuonetsa Chiko, wangoseka, "Amayi, kuno ndi ku Canada, mandimu sangabereke." Nanga bwanji osangovomereza kuti sabereka?

Tony wabweranso m'mawa. Tsiku lonse ali nafe, ngati alibe odwala ena. Watikweza boti, wationetsa kumene amawotchera buledi, wandigulira ayisikilimu wa mandimu. Wokoma, zoona, ndipo ndadana nazo kuti ndi wokoma. Potsika m'boti wandigwira mkono. Mafunso ake: ndimagona bwino? ndimakonda kuphika ndekha? dimba ndimalikonda? Ndayankha zonse mwamphamvu. Ndamuuza kuti ndimaphika, ndimachapa, kutchalitchi ndimapita ndekha pabasi, ndipo usiku ndimadzuka kamodzi kokha kukataya madzi. Alembe zimenezo.

Kawiri konse ndawapeza akunong'onezana kuseri kwa kasupe. Akandiona, zii.

Pamwamba pa phiri pali katchalitchi, masitepe ake ngati okwerera kumwamba. Chiko akuti tisapiteko. Ndati tipita. Ndimafuna mnyamatayu aone kuti si ine wa chipinda chapansi. Ndakwera, ndafika, ndajambulitsa. Potsika ndiye bondo linati lero ndi lero. Ndakhala pansi pa sitepe, misozi ili lengelenge, alendo akundilambalala.

Tony wagwada pomwepo. "May I?" Ndikanatani? Ndakweza diresi mpaka pamwamba pa bondo, iye n'kumasisita, kupinda, kuwongola. Manja ake ndi odziwa, ululu unachepa. Koma ndinaona mmene anayang'anirana ndi Chiko pamwamba pa mutu wanga. Mayeso ndalephera ndekha, ndi makani anga.

Madzulo atitengera kwa agogo ake, amawatchula Nona. Kamayi kakafupi, zovala zakuda, maso ngati a nkhwazi. Sipageti mbale yodzadza, ndikati ndakhuta akuwonjezera. Tony wakhala pafupi nane, mpaka kunditemera buledi wake. Chiko ndi Tony atapita kukhitchini ndawanong'oneza Nona kuti, ana anu anakusiyani liti kuno? Sanamve bwino. Angondisisita dzanja n'kunena kuti, "Family, family." Ndiye kuti nawonso anazolowera.

Ambuye, ngati ndi kufa ndikafere m'nyumba mwanga, osati pakati pa mandimu abodza.

Lamulungu, 16 Juni, m'mawa

Chiko wakhuthula chikwama pabedi, wasuzumira pansi pa mipando, wafunsa kwa alonda. "Amayi, makiyi simunawaone?" Ndati makiyi a galimoto ine ndimadiraiva? Wavala diresi yatsopano, milomo wapaka. Akuti nanenso ndivale bwino, Tony akufuna kulankhula nane pabwalo. Chabwino. Ndavala chilundu changa cha Mvano, ndamanga duku. Akandisiya andisiye ndikuoneka munthu.

Lamulungu lomwelo, m'galimoto

Msewu ukugwedeza, koma ndilembe ndisanaiwale.

Tinamupeza Tony pa kasupe atavala suti, thukuta kamukamu. Asanatsegule pakamwa ndinayamba ndine. Ndati Chiko, ngati mwapangana zondisiya kuno nena pompano, ndikuyang'ana. Ndamva za chipinda chapansi. Ndikudziwa za Mayi Bertha. Usandinyengerere ndi ayisikilimu ngati mwana.

Mwana anangoti kukamwa yasa. "Kukusiyani? Mum, what?" Kenako misozi. Akuti Amayi, mungandiganizire zimenezo ine? Chipinda chapansicho chili m'nyumba imene akufuna kugula ku Markham, chili ndi khomo lake lotulukira kudimba. Chipinda changa. Ndati nyumba ugula ndi ndani?

Apo Tony anagwada bondo limodzi pamiyala paja, manja pachifuwa, n'kunena Chichewa chimene wakhala akuloweza: "Amayi, ndikufuna kukwatiwa ndi Chiko."

Kukwatiwa! Mwamuna wandevu zake! Mphunzitsi wake ndi Chiko, nanga Chichewa cha Chiko n'chotolera. Kuseka kunandifika pakhosi, koma kusanatuluke china chinandimenya m'mutu ngati mphezi. Uyu si wa kuchipatala. Awa ndi apongozi.

Apongozi andipsompsona masaya onse awiri. Ndadya nawo mbale moyandikana. Ndawauza za kutaya madzi usiku. Ndawakwezera diresi pagulu, iwo n'kundigwira bondo ndi manja awo! Kwathu ku Dedza mayi anga akaona bambo a Chiko akubwera m'njira, ankapatukira kutchire mpaka adutse. Zaka zonse zija sanayang'anane m'maso ngakhale tsiku limodzi, ndipo ankakondana kuposa mayi ndi mwana.

Miyendo inachita yokha. Ndinakoka chilundu kufunda kumutu, n'kutembenuka, n'kukaima kuseri kwa mphika wa mandimu. Alendo ena anayamba kujambula, mwina amayesa ndi mbali ya zokongoletsera.

Kumbuyo kwanga ndinamva mawu a Tony, ang'onong'ono. "She's saying no?" Chiko anabwera akulira, kundikoka chilundu. "Amayi chonde, ndi munthu wabwino. Ndimaopa kukuuzani poti si wakwathu, ndimafuna mumudziwe kaye. Musamukane, chonde tembenukani."

Mwana wanga sadziwa. Ndinamuphunzitsa kupemphera, kuphika, kugwada popereka madzi, koma izi sindinamuuzepo, ndinkati nthawi ilipo.

Ndati, "Iwe, leka kundivula pamaso pa apongozi anga. Ndikanakhala ndikuwakana, bwenzi ndikuwayang'ana m'maso."

Anasiya kukoka chilundu. Ndati kawauze adzuke, miyala iwapweteka. Uwauzenso kuti mwamuna amakwatira, wokwatiwa ndiwe. Ndipo nkhani ya ukwati safunsa ine, afonere amalume ako a Overtone ku Dedza, apeze ndi ankhoswe awo. Koma ine mbali yanga, msana wangawu ndiye yankho.

Ndinamumva akuwatanthauzira, uku akulira uku akuseka. Iwo anafunsa kuti ndiye sadzandikumbatiranso? Ndati ayi. Bondo nalo? Ndati bondo aliiwale, sanalione. Nanga nyumba imodzi tidzakhala bwanji? Ndati si mwati chipinda chili ndi khomo lake?

Ndinamuuza Chiko awauze apongozi ayang'ane kumbali, n'kupisa dzanja m'kamisolo. Ataona makiyi anangoti, "Mum!" Ndinawapukuta kaye ndi chilundu, atenthedwa masiku awiri. Ndati upereke kwa apongozi ndi manja awiri, atiperekeze kunyumba.

A Tony ndi amene akudiraiva. Ine ndakhala kumbuyo kwawo kwenikweni. Pageti paja maso athu anakumana m'kagalasi ka kutsogolo, ndinatsokomola. Chiko asananene kanthu, anatambasula dzanja okha n'kukakhotetsera kudenga.

Sutikesi yanga ananyamula ndi iwo. Ndinaima pambali mpaka ndinaiona ikulowa m'buti.