Nyundo Ikubwera, Iwe Usabwere

Pa 9 Ogasiti

Okondedwa bambo a mapasa,

Mawu apamwambawo waika ndi mlongo wako. Akuti kalata imayamba choncho. Ine m'kalasi sindinapondemo, ndiye sindilimbana naye, koma ndikanakhala ine ndikanangoti iwe, basi. Iye akulemba, ine ndikulankhula, ndipo ndamuchenjeza kuti akasintha liwu ngakhale limodzi ndidziwa.

Kuno tadzuka. Mayi ako mwendo uja wayambiranso, koma pakamwa pali bwinobwino. Mkazi wako akulimbikira. Mapasa ayamba kuyenda chogwira khoma, ndipo mmodzi, kaya ndi uti, wandibera chipewa kawiri.

Kalata yako andiwerengera. Ukuti wamva za ngolo ija, ndiye ukufuna kusiya maphunziro a kunjanjiko, mayeso atatsala milungu itatu, kuti ubwerere kuchipala udzandithandize kusula. Tchera khutu. Usabwere.

Zomwe ndinanena tsiku unkachoka sindinaiwale. Unaima pakhomo la chipala, chikwama kumanja, n'kundifotokozera kuti ntchito ya kunjanjiyo ndi yoyenda m'mbali mwa sitima ikaima, kugogoda mawilo ndi nyundo, kumvetsera ngati lina lang'aluka. Ine ndinaseka. Ndinati zaka makumi awiri ndakuphunzitsa kusula makasu ndi nkhwangwa, kuti ukasanduke gogomole wogogoda mitengo ya eni? Unapempha kanyundo ka agogo ako, ka mpini wakuda kaja, ine ndinati kanatayika. Unandipatsa dzanja, ine ndinapitiriza kusonkhezera moto. Kanyundoko sikanatayike. Kanali m'jombo yakale kunsi kwa bedi langa.

Za ngolozo, imva kwa ine, osati kwa anthu. Wogulitsa njerwa uja, wamtali wosaseka, anabweretsa chitsulo chogwira mawilo a ngolo yake kuti ndichiwongole. Ndinachiwongola. Chitazizira ndinachipachika pawaya n'kuchigogoda monga timachitira. Anafunsa, "Madala, chili bwanji?" Ine ndinati, "Ichi mudzasiyira adzukulu." Patangopita masiku anayi chinathyoka pamtsetse, ngolo itadzaza njerwa. Lero munthuyo mkono uli m'chikhakha. Sanandilalatire, bola akanatero. Anangobwera, n'kuika zidutswa ziwiri pabenchi langa ndi dzanja lotsalalo, n'kuti, "Madala, taonani nokha." Ndinaona. Theka la pothyokapo linali lakuda ndi dzimbiri, mng'alu wakalekale. Munthu wa chaka chimodzi pachipala akanaumva.

Ine sindinaumve.

Lemba iwe mtsikana, usandiyang'ane.

Makutu anga anatha, mwanawe. Mawu a anthu ndimamva, makamaka akamandinena. Koma ukudziwa wekha kuti chitsulo chabwino chimati ngwee, n'kusiya kamchira kakulira, kowonda ngati ulusi, pomwe chong'aluka chimadula kamchirako. Kamchira kameneko ndi kamene kanandithawa, chino ndi chaka chachitatu. Kwa ine zitsulo zonse zimangoti gu. Ndiye ndinkatani? Ndinkagogoda maso ali pa iwe. Ukapitiriza ntchito yako, ndinkati chili bwino. Ukakanda kuseri kwa khutu, ndinkauza mwini wake mokweza kuti chitsulo chake ndi chakufa, iye n'kumapita akutama khutu la nkhalamba. Tsiku unkachoka lija sindinakwiyire makasu ayi. Ndinaona makutu anga atanyamula chikwama.

Apa tinaima kaye. Mlongo wako anaika cholembera pansi n'kuti, "Bambo, achimwene ankakanda dala. Tonse timadziwa." Mayi ako, amene ndimayesa ali kukhitchini, anayankhira pakhomo, "Inu mumayesa mwana anali ndi nsabwe zaka zitatu?" Ndinatuluka, ndinazungulira nyumba kawiri, ndabwerera. Ndiye kuti nyumba yonse imandigwira ngati dzira, ine n'kumayenda chifuwa patsogolo. Chabwino. Munthu wondinamiza sindimuthokoza, koma ndamva.

N'chifukwa chake ndikubwereza kuti usabwere. Ukabwera udzakhala ukukanda khutu mpaka ine nditalowa m'manda, n'kuyamba kusaka ntchito imvi zili mbuu, mapasa akufuna nsapato. Chipala sinditseka, asakunamize munthu. Makasu, zikwanje ndi mahinjesi maso amakwana, ndipo dzanja langa likadali dzanja. Koma chilichonse chonyamula munthu sindichigwiranso. Mawa ndipita ndekha kwa wanjerwa uja kukamuuza zomwe ndakuuzazi. Ndi ulendo waufupi, koma sindinayendepo wotalika chotero.

Pali china chimene sindinauze munthu. Sabata yatha ndinati ndikukagula makala, koma ndinapita kusiteshoni. Ndinaima kuseri kwa mpanda kudikira sitima. Itaima, panatulukira bambo wina wa ovololo, wamkulu kuposa iwe, nyundo yaitali kumanja. Ankagogoda wilo, n'kupendeketsa mutu, n'kudikira, kenako n'kupita pa lina. Sankathamanga. Pamwamba pake m'mawindo munali anthu: amayi oyamwitsa, ana akumata mphuno pagalasi, mkulu wina akuwodzera. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuyang'ana. Ine ndinayesa kuwerenga mitu m'bogi imodzi yokha, ndinasokonezeka. Ngolo yanga inali ndi munthu mmodzi. Za gogomole zija ndabweza.

Mayeso a papepala ndi ako, pamenepo ndilibe mawu. Koma za nyundo ndimvere ine. Ukagogoda n'kukayika, gogodanso. Ukakayikabe, imitsa sitimayo. Bwana akakulozera wotchi, umuuze mwaulemu kuti wotchi sinyamula anthu. Ndipo tsiku lidzafika, mwina imvi zitamera, loti kamchira kaja kadzayambe kukuthawa nawenso, poti makutu athu ndi amodzi. Tsiku limenelo udzanene lomwelo. Usadzachite za bambo ako. Manyazi anga akuwanyamula munthu wina m'chikhakha.

Mkazi wako akubwera kumeneko Loweruka, ndipo kanyundo kaja kali m'chikwama chake, nditakakulunga m'nsalu. Mpini ndaupaka mafuta. Ndikudziwa kuti kampani ikupatsa yakeyake, yaitali ndi yonyezimira. Aka uzingokaika m'thumba. Agogo ako anandipatsa tsiku limene anakhulupirira khutu langa, ndipo ine ndachedwa nako zaka zambiri.

Mayi ako akupereka moni, akuti uzivala juzi m'mamawa. Mapasa sadziwa kupereka moni, koma wakuba chipewa uja wagwira pepalali ndi dzanja lamafuta, chizindikiro chake ndi icho pakonapo. Upereke moni kwa aphunzitsi ako, uwauze kuti zambiri zomwe akukuphunzitsazo unachoka nazo kwanu.

Ukadzabwera patchuthi, ndikuti patchuthi, osati mayeso asanachitike, udzakhale nane pabenchi lija undifotokozere mmene wilo labwino la sitima limalirira. Chitsulo chachikulu chotero kamchira kake kayenera kukhala kotalika. Udzakhale kumanzere kwanga, khutu la kumeneko ndilo latsalako pang'ono.

Mlongo wako akufunsa ngati afufute mawu apamwamba aja, poti si anga. Ndamuuza awasiye.

Ndine bambo wako, wosula zitsulo. Chala chili m'munsichi ndi changa, ndadinda ndi mwaye wa kuchipala.