Moto Wotsokomola

Lolemba, 6 Juni 2022

Sabata yachitatu chiyikireni uvuni watsopano. Mtedza wa chaka chino ukubwera wambiri, ngolo za ku Kabudula ndi ku Nsaru kungondanda panja. Fumbi, mphepo ya Juni, milomo yong'aluka.

Uvuniwu ndi wa gasi. Kachipinda kachitsulo kakatali, m'kati mathireyi a mtedza osanjikizana, m'mbali milomo inayi ya moto. Milomoyo siyakira pamodzi. Woyamba umayaka ndi mphamvu zake zonse, phuu, n'kuzima. Wachiwiri phuu, n'kuzima. Wachitatu, wachinayi, kubwereranso kwa woyamba. Wolamula zonsezi ndi kabokosi kotuwa ka pakhoma. M'kati mukazizira kamafupikitsa mpumulo wa moto, mukatentha kamautalikitsa. Nkhani yake ndi yomweyo basi.

Amene anatumizidwa ku Kanengo masabata awiri kukaphunzira kabokosika ndine. Ine Estere, amene chaka chatha ndinali pamphasa kusankha mtedza wowola. Ananditumiza ndi a Mubarak, eni fakitale, ati poti ndinakhoza sayansi pa folomu folo. A Alufeyo mpaka lero sanandikhululukire. Iwo ndiwo kapitawo, zaka makumi anayi akukazinga mtedza ndi nkhuni pa Namitete pano. Lero anaima pakhomo, manja kumbuyo, khutu ku uvuni. Ati, "Moto uwu ukutsokomola. Moto wabwinobwino sutsokomola."

Azimayi a pamphasa anafa nacho chiseko. Ine sindinaseke.

Lachitatu, 8 Juni

Ndayesa kuwafotokozera, mwaulemu wonse, mpaka kugwada pang'ono. Ati mtedza umafuna moto wochepa wosadukiza, mkazi aliyense wa Chichewa amadziwa zimenezo. "Kodi amayi ako sanakuphunzitse kukazinga paphale?"

Anandiphunzitsa. Koma paphale pali dzanja lotakasa. Mu uvuni muno mulibe wotakasa, amatakasa ndi motowo. Ukayaka mwamphamvu umakankha mpweya wotentha mpaka m'makona onse. Ukayaka mofooka, kutentha kumangounjikana pamwamba ndi pafupi ndi milomo, pakati n'kukhala pozizira. Ndinawapatsa chitsanzo cha kudimba: madzi ukamathira pang'onopang'ono amathera kumutu kwa mzere, koma ukakhuthula ndowa yonse kamodzi amafika kumapeto.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ati, "Masabata awiri a ku Kanengo akukuyankhulitsa, eti? Chalaka bakha nkhuku singatole."

Nkhukuyo ndine. Chabwino.

Pa kabokosi pali polowetsa kiyi. Ukapotoza kumanzere kamalamula ndi kabokosi. Ukapotoza kumanja munthu amatsegula gasi yekha ndi manja. Kiyiyo amakhala pa msomali pafupi ndi khomo. Ndawaona akumuyang'ana kawiri lero.

Lachinayi, 9 Juni

Ndinapempha kuchedwa, ndinaperekeza amayi kuchipatala, mwendo uja watupanso. Ndafika cha m'ma 11. Ndili pa geti ndinadziwiratu. Kunalibe phuu. Kunali kamluzu kamodzi kosalekeza.

Kiyi kumanja. Milomo yonse inayi ikuyaka timoto tating'ono tachikasu. A Alufeyo pampando wanga, mwendo pa mwendo, nkhope ya munthu amene wachiza wodwala. Ati, "Wamva? Chifuwa chija chatha."

Titatsegula, mathireyi a pamwamba akuda, fungo lowawa mpaka kukhosi. A pakati ndi pansi aawisi, ukatafuna akumata m'mano. Ndinaganiza kuti achita manyazi. Ayi ndithu. Analamula kuti onse asakanizidwe n'kuthiridwa m'matumba, ati akasakanikirana amakhala pakatikati. Ndinakana, ndinati asatero. Palibe anandimvera. Febe, mnzanga wa pamphasa, anandikoka chitenje kuti ndikhale chete.

Ndalira m'chimbudzi, osati chifukwa cha mantha. Ukali. Mtedza wabwino ngati umenewo, anthu anaulima miyezi isanu.

A Mubarak ali ku tauni mpaka Loweruka.

Lachiwiri, 14 Juni

Lole yabwerera ndi matumba onse a Lachinayi. Opanga chiponde a ku tauni akana, ati chiponde chake chikuwawa ngati mankhwala a malungo. Ati zikachitikanso akagula kwina.

Atiitana tonse awiri mu ofesi. A Alufeyo anayamba ndiwo, poti ndi akulu. "Bwana, makina a mtsikanayu ndi odwala. Ine ndinangoyesa kupulumutsa." Anatero osaphethira n'komwe, mkulu wa mpingo wathunthu, amene amatigawira mgonero.

Ndinanena zonse. Za kiyi, za timoto tachikasu, za kusakaniza. Ndinamaliza. A Mubarak anangoyang'ana pa tebulo. Akudziwa. Koma a Alufeyo anayamba ntchito kwa malemu bambo a bwanayu, anawanyamulapo a Mubarak ali khanda. Khoswe wakhala pamkhate.

Chigamulo: Lachisanu ndikazinge uvuni wodzaza, njira yanga, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Thireyi imodzi yokha ikapsa kapena kutsala yaiwisi, ndibwerera pamphasa, kiyi apita kwa a Alufeyo. Wolakwa wina, mayeso kwa ine.

Potuluka ndinachotsa kiyi pa msomali onse akuona. Ndamumanga pa chingwe, ali m'khosi mwanga.

Lachitatu, 15 Juni

Nkhani yafika kale kunyumba. Akazi a a Alufeyo anadzera kwathu masana, ati kudzazonda mwendo. Mwendo sanaufunse n'komwe.

Amayi ati ndikapepese. Ati munthu amene anayendetsa mwambo wa maliro a bambo ako sungamuchititse manyazi pamaso pa bwana wake. Ati, "Ukagwada sutha mawondo, mwanawe." Ndinawafunsa kuti ndikapepese chiyani, kuti mtedza unapsa? Anangopitiriza kusenda nandolo.

Zandipweteka. Amayi ndimawakonda, ndipo akuopa zenizeni, mudzi ndi waung'ono. Koma pamphasa sindibwerera chifukwa choti munthu wamkulu sakonda kamvekedwe ka moto. Tsobola wakale sawawa.

Ndalemba mawu amenewo ndipo sindifufuta.

Lachisanu, 17 Juni

Ndinadzaza ndekha mathireyi onse, mulingo umodzi, osalola wina kukhudza. Kuyatsa 11 koloko. Phuu, phuu, phuu, phuu, mothamanga, poti m'kati munali mozizira. A Mubarak anaima pang'ono, kenaka anapita ku mzikiti.

Vuto linayamba kutentha kutakwana. Mipumulo inatalika. Phuu, kenaka zii. Zii weniweni, mpaka kumva njiwa padenga. A Alufeyo anadzuka. Ati moto wafa, mtedza ukuzizira, bweretsa kiyi tisanataye mtedza kachiwiri. Azimayi onse anasiya kusankha. Ndinakoka mpando n'kukhala kutsogolo kwa kabokosi, msana wanga utatsamira pomwe pali polowetsa kiyi.

Ndinati, "Bambo, mundinyamule ndi mpando womwe."

Sindinayankhulepo chotero kwa munthu wamkulu chibadwire. Anaima pafupi kwambiri, ndinkamva kupuma kwawo. Ndipo zoona zake, pano ndingalembe poti palibe awerenge: nanenso ndinakayika. Zii uja anatalika kuposa mmene ndinkakumbukira ku Kanengo. Dzanja linapita lokha pa chingwe cha m'khosi. Ndinawerenga chamumtima, ndinafika pa makumi anayi.

Phuu.

A Alufeyo anabwerera pa benchi.

A Mubarak atabwera tinatsegula. Anatapa pamwamba, pansi, pakati, kukona ya kumbuyo. Kufikisa m'manja, kuuzira makoko, kuyala pa tebulo milu inayi. Mtundu umodzi wonse, wofiirira bwino. Anatafuna mulu uliwonse. Anapatsako a Alufeyo. Iwo anatafuna nthawi yaitali, ngati akufuna mwala, n'kutuluka panja.

Febe anayamba nthungululu, ndinamuletsa ndi diso. Koma mumtima ndinkaimba ndine.

Lamulungu, 19 Juni

Kutchalitchi anawerenga zolengeza ndi a Alufeyo. Sanayang'ane mbali yathu. Potuluka anapatsa moni amayi, ine anandidumpha. Amayi njira yonse mwendo ukukoka.

Kiyi ndinapita naye, pansi pa bulauzi.

Lachiwiri, 21 Juni

A Mubarak andiitana ndekha. Ati ndagwira ntchito, uvuni ndi wanga tsopano. Kenaka ati makinawa safuna anthu awiri, kabokosi kakuchita zonse, ndiye a Alufeyo apume kumapeto kwa mwezi. Anena kuti awauza kale dzulo.

Ndinayembekeza kukondwa. Si zimene ndinkafuna kodi? Ayi. Ndinkafuna asiye kiyi wanga, basi.

A Alufeyo abwerabe m'mawa monga mwa masiku onse, malaya ochapa, kusesa pakhomo pa uvuni pomwe si ntchito yawo. Tsiku lonse pa benchi. Ndinaona milomo yawo ikuyenda. Poyamba ndinayesa akupemphera, kapena akunditukwana. Kenaka ndinazindikira kuti akuwerenga moto. Woyamba, wachiwiri, wachitatu, wachinayi.

Lachinayi, 23 Juni

Cha m'ma 10 a Alufeyo anayankhula, koyamba chichokere Lachisanu. Osandiyang'ana, kuyang'ana khoma. Ati, "Wachitatuyo akuchedwa. Gasi akuyamba walira kaye, moto pambuyo."

Ndinayang'ana kabokosi. Nyali zonse zobiriwira. Ndinati palibe vuto, bambo, ndipo ndinanena mwamwano, ndikuvomera. Sanabwereze.

Koma khutu linakana kundimvera. Woyamba, phuu. Wachiwiri, phuu. Wachitatu, sss, phuu. Kanthawi kochepa ngati kuphethira. Masabata asanu ndakhala pamenepa, sindinakamvepo.

Ndinatseka gasi, kudikira kuzizira, kumasula mlomo wachitatu. Kachitsulo kothethetsa moto kadzaza mwaye, nsonga yake yadyeka. Mwayewo mwina ndi wa timoto tawo tachikasu tija, ndipo ndidzawauza tsiku lina. Koma mphunzitsi wa ku Kanengo anatichenjeza mobwereza: gasi akamaunjikana moto usanagwire, tsiku lina chitseko chimakutsata. Mpando wanga uli pafupi ndi chitsekocho. Kaya kabokosi kakanazindikira nthawi ikadalipo, kaya ayi, sindikudziwa. Ndinakhala pansi pa simenti.

Ndaikamo kachitsulo kena. Poyatsanso a Alufeyo anatseka maso, kumvetsera maulendo atatu, n'kugwedeza mutu kamodzi. Ati, "Tsopano akutsokomola bwino." Sanamwetulire. Nanenso ayi.

Amayi akamva anena kuti mawu a akulu akoma akagonera. Sindiwauza. Pa za moto wosadukiza a Alufeyo analakwa, pa za matumba ananama, ndipo kupepesa sindipepesa.

Kachitsulo kamwaye kaja ndakakulunga m'pepala. Mawa a Mubarak asanapite ku mzikiti ndikakaika pa tebulo lawo, ndiwauze amene anakamva ndi amene sanakamve. Kabokosi kalibe makutu, ine anga sanakhwime. Akati uvuni ukufunabe munthu mmodzi, ndivula chingwechi, ndiike kiyi pambali pa kachitsuloko, apeze wina wopita ku Kanengo.

Mphasa ndikuidziwa, siluma.